Tikulumikiza makompyuta a zipatala zathu: za odwala tigawane bwanji popanda kuulula chinsinsi chawo?

Funso

Ndimayang'anira kaundula wa odwala pachipatala china chaching'ono. Odwala kwambiri timawatumiza kuchipatala chachikulu, ndipo magazi timakayezetsa kulabotale yomwe si yathu. Panopa zonse zimayenda ndi makalata, ndipo zikachedwa anamwino amangojambula pepala n'kutumiza pa WhatsApp. Akuluakulu agwirizana zoti makompyuta a malo atatuwa alumikizidwe. Madokotala akufuna aziona chilichonse, koma ine ndikuopa kuti matenda a anthu adzadziwika ndi aliyense. Tiyambire pati, ndipo zoyenera kugawana ndi ziti?

Yankho

Mantha anuwo ali ndi maziko, koma madokotala anu nawonso akunena zoona. Munthu akafika kuchipatala chachikulu ali chikomokere, dokotala osadziwa kuti penisilini samuyanja kapena kuti amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, angathe kumupweteka ali m'kati momuthandiza. Ku England analimbana nayo nkhaniyi kwa zaka zambiri. Mu 1997 komiti yomwe ankatsogolera Fiona Caldicott inalemba mfundo 6 zotetezera chinsinsi cha odwala. Pofika 2013 zinaoneka kuti ogwira ntchito ena ayamba kuumira uthenga ngakhale pamene ukanathandiza wodwala, poopa kuimbidwa mlandu. Ndiye anawonjezera mfundo ya 7, yakuti udindo wogawana uthenga ukhoza kukhala wofunika mofanana ndi udindo wosunga chinsinsi. Choncho pamsonkhano wanu musataye nthawi n'kukangana zoti kugawana n'kwabwino kapena n'koipa. Kambiranani zoti ndani aziona chiyani, nthawi yanji, ndipo akaona pazitsala umboni wotani.

Ambiri amayamba n'kuitana wogulitsa pulogalamu. Ameneyo abwere pambuyo. Kutumiza uthenga kuchoka pa seva ina (kompyuta yosunga uthenga wa chipatala) kupita pa ina ndi mbali yosavuta ya ntchito yonseyi, akatswiri anaithana nayo kalekale. Zimene zimagwetsa ntchito ngati yanuyi ndi mafunso awiri omwe pulogalamu siingakuyankhireni. Kodi munthu amene ali mu kompyuta yanu ndi yemweyo amene ali mu kompyuta ya kulabotale? Nanga amene watsegula fayilo yake ndi ndani kwenikweni?

Funso loyambalo ndi limene limavulaza anthu mwakachetechete. Zolakwika zake zili pawiri. China ndi chakuti munthu mmodzi amakhala ndi mafayilo awiri kapena atatu, chifukwa kalaliki wina analemba dzina lake ndi l, wina ndi r, kapena mwini wake anasintha dzina atakwatiwa. Zikatere mbiri ya matenda ake imagawikana, ndipo dokotala amaona theka n'kumaganiza kuti waona yonse. China n'choopsa kuposa pamenepo: anthu awiri kulowetsedwa mu fayilo imodzi. Gulu la magazi la uyu, zotsatira za HIV za uyu, zimakaoneka pa dzina la winayo. Pamenepo mwaika moyo pachiswe komanso mwaulula chinsinsi nthawi imodzi. Pamene zonse zinali papepala, cholakwika chotere chinkathera m'kabati imodzi. Mukangolumikiza, chimafika malo onse atatu pa masekondi ochepa.

Njira yake ndi kukhala ndi kaundula mmodzi wa mayina okhaokha, wopanda matenda, amene ntchito yake ndi kunena kuti nambala iyi ya chipatala chanu, nambala iyo ya chipatala chachikulu ndi nambala ina ya kulabotale zonse ndi za munthu mmodzi. Malo alionse apitirize kugwiritsa ntchito nambala zawo zakale, musavutike n'kusintha. Kaundulayo amafanizira dzina lonse, tsiku lobadwa, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, nambala ya foni, dzina la mayi womubereka, komwe amakhala, ndi nambala ya chiphaso cha dziko ngati ilipo. Chilichonse chimapatsidwa mphamvu yake: dzina losowa likafanana ndi umboni waukulu kuposa dzina lofala likafanana. Masamu ake anawalemba Ivan Fellegi ndi Alan Sunter mu 1969 ndipo mpaka lero ndi amene mapulogalamu ambiri amatsatira. Chofunika kwa inu ndi chakuti zotsatira zigawidwe patatu: zofanana mosakayikitsa, zosiyana mosakayikitsa, ndi zokayikitsa. Zokayikitsazo aziziona munthu, osati makina. Musankhiretu munthuyo ndipo mumupatse nthawi yake pa tsiku, apo ayi muluwo umangokula mpaka wina atatopa n'kuvomereza zonse kamodzi.

Pali misampha imene imakola pafupifupi aliyense. Wodwala akapanda kudziwa tsiku lake lobadwa, makalaliki amakonda kulemba 1 Januwale, ndiye kompyuta imaona anthu mazanamazana obadwa tsiku limodzi n'kuyamba kuwaphatikiza. Pakhale kabokosi kosonyeza kuti tsikuli ndi longoyerekeza, ndipo tsiku lotero lisawerengedwe ngati umboni. Pulogalamu ina imayamba ndi tsiku, ina imayamba ndi mwezi, moti 03/04 kwinaku ndi 3 Epulo, kwinaku ndi 4 Malichi. Potumizirana lembani chaka, mwezi, kenako tsiku, monga 2024-04-03. Mapasa amafanana tsiku lobadwa, mayi, foni ndi komwe amakhala, nthawi zinanso mayina awo amasiyana chilembo chimodzi chokha. Makanda amalembedwa ndi dzina la mayi asanapatsidwe lawo. Foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse. Wobwera ali chikomokere popanda womudziwa apatsidwe nambala yongoyembekezera, musamulowetse mu fayilo ya munthu amene mukungomuganizira. Ndipo wogulitsa pulogalamu mumufunse funso ili asanakuonetseni china chilichonse: mafayilo awiri akaphatikizidwa molakwika, kodi angathe kulekanitsidwanso, chilichonse n'kubwerera kwa mwini wake? Akayankha mozungulira, musagule.

Kanthu kena kakang'ono koma kopweteka: nambala ya wodwala isamanene kanthu. Ngati nambala za kukiliniki ya HIV kapena ya matenda a maganizo zimayamba ndi zilembo zakezake, aliyense woona khadi kapena botolo la magazi wadziwa kale matendawo asanatsegule n'komwe kompyuta.

Tsopano zoyenera kugawana. Madokotala akuti chilichonse, koma amene akulandira wodwala pakati pa usiku safuna masamba 200. Pali muyezo wa padziko lonse wotchedwa International Patient Summary, ndipo zigawo zake zokakamiza ndi zitatu zokha: mankhwala amene wodwala akumwa, zinthu zimene sizimuyanja, ndi matenda amene ali nawo panopa. Pamwamba pa izi amalimbikitsa kuwonjezera katemera, zotsatira za kuyeza, maopaleshoni amene anachitidwa ndi zipangizo zimene anamuika m'thupi. Yambani ndi zimenezi pamodzi ndi kalata yofotokoza chifukwa chomutumizira. Labotale siifuna ngakhale zimenezi. Imangofuna nambala ya wodwala, zaka zake, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, mtundu wa sampulo ndi nthawi imene inatengedwa, choyenera kuyezedwa, amene waitanitsa, ndi mawu ochepa a zachipatala ngati akukhudza kamasuliridwe ka zotsatira. A zamalipiro amafunika kudziwa chithandizo chimene chaperekedwa, osati zimene wodwala anauza dokotala.

Musiyanitsenso kutumiza ndi kufufuza. Potumiza, inu ndi amene mumasankha wodwala mmodzi n'kupereka zake kwa amene akukamulandira. Pofufuza, wa kuchipatala chachikulu amalemba dzina n'kukoka zimene zili kwa inu. Njira yachiwiriyi ndi yothandiza kwambiri pa ngozi, koma ndi imenenso imatsegulira khomo munthu wongofuna kudziwa za mnzake. Yambani ndi kutumiza. Kufufuza mukutsegule pokhapokha kaundula wa otsegula mafayilo, amene tifotokoze m'munsimu, atayamba kugwira ntchito ndipo pali womuwerenga.

Nkhani ya HIV, matenda a maganizo, kugwiriridwa, uchembere ndi mankhwala osokoneza bongo imafuna kuganiza mofatsa, chifukwa kungobisa zonse si yankho. Tengani munthu amene amamwa dolutegravir, mankhwala a HIV, ndiye wapezeka ndi TB. Rifampicin, mankhwala a TB, amachepetsa mphamvu ya dolutegravir m'magazi, moti mlingo wake umayenera kuwonjezedwa kukhala 50 mg kawiri pa tsiku. Dokotala wa TB akapanda kuona mankhwala a HIV chifukwa mwawabisa, wodwalayo angathe kumamwa mokhulupirika mankhwala amene sakukwanira, kachilombo n'kuyamba kupima. Komanso dziwani kuti kubisa dzina la matenda n'kusiya mndandanda wa mankhwala poyera n'kudzinamiza, chifukwa aliyense wodziwa mankhwala wadziwanso matendawo. Maganizo athu ndi akuti amene akupereka chithandizo kwa munthuyo panopa aziona mankhwala onse ndi mayina a matenda, koma zimene wodwala anakambirana ndi phungu kapena dokotala wa maganizo zisachoke kumene zinalembedwa. Zimene zinachitika ku Finland zikusonyeza chifukwa chake. Mu 2020 kunadziwika kuti mbava za pa intaneti zaba zolemba za odwala pafupifupi 33,000 a kampani ya uphungu wa maganizo ya Vastaamo, ndipo odwalawo anayamba kulandira maimelo mmodzimmodzi owaopseza kuti alipire apo ayi zimene anaulula kwa aphungu awo ziikidwa poyera. Pasiwedi ikabedwa mumaisintha, koma zoterezi ndi madzi otayika, saoleka.

Uthenga ungathe kufika bwinobwino koma n'kumveka molakwika. Apa ndi pamene pamafunika miyezo yogwirizana. Malabotale ambiri amatumizabe zotsatira ndi HL7 version 2, njira yolembera uthenga wa zachipatala kuti makompyuta azimvana, yomwe inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pomwe mapulogalamu atsopano amagwiritsa ntchito njira ina yotchedwa FHIR. Zithunzi za ekisire ndi sikani zimayenda ndi DICOM. Mayina a zoyeza amalembedwa ndi manambala a LOINC, matenda ndi ICD-10 kapena ICD-11 yomwe inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022, ndipo ena amagwiritsa ntchito mndandanda wa mawu a zachipatala wotchedwa SNOMED CT. Simukuyenera kuloweza zonsezi. Choyenera inu ndi kukhala pansi ndi wa kulabotale, kutenga zoyeza 30 kapena 40 zimene mumaitanitsa kawirikawiri, n'kugwirizana dzina, nambala ndi muyezo wa chilichonse. Muyezowo ndi umene umapha. Shuga wa m'magazi ena amamuyeza mu mmol/L, ena mu mg/dL, ndipo kusiyana kwake n'kuchulukitsa ndi 18. Labotale ikatumiza 20 mu mmol/L, ndiye kuti shuga wakwera kufika 360 mg/dL. Kompyuta yanu ikangoonetsa 20 pamalo pamene anthu anazolowera mg/dL, namwino aganiza kuti shuga watsikiratu, n'kuthamangira kumuwonjezera shuga munthu amene wamuchulukira kale. Creatinine, amene amayezedwa poona mmene impso zikugwirira ntchito, nayenso ndi chimodzimodzi: 1.2 mg/dL ndi pafupifupi 106 µmol/L. Lamulo likhale lakuti nambala yobwera yopanda muyezo wake ikanidwe, isaonetsedwe.

Palinso zina ziwiri zofanana ndi zimenezi. Bokosi la zosayanja likakhala lopanda kanthu, tanthauzo lake ndi lakuti palibe amene anafunsa, osati kuti palibe chimene sichimuyanja. Ziwirizi zilembedwe mosiyana. Ndipo labotale ikakonza zotsatira zimene inatumiza kale, zokonzedwazo zilowe m'malo mwa zakale ndi chizindikiro choonekera, ndipo amene anaona zakalezo adziwitsidwe. Uthenga ulionse wotumizidwa uziyankhidwa ndi makina olandira kuti wafika. Wosayankhidwa uzikhala pamzere wodikira, ndipo m'mawa uliwonse pakhale munthu woyang'ana mzerewo. Zotsatira za khansa zimene zatsakamira pamenepo milungu itatu popanda wodziwa ndi ngozi yaikulu kuposa kalata yochedwa, chifukwa kalata anthu amaifunsa, pomwe za pakompyuta aliyense amangoti zinafika.

Tibwere ku funso lachiwiri lija, la amene watsegula. Wogwira ntchito aliyense akhale ndi akaunti yakeyake. Ngati wodi yonse imalowa ndi dzina limodzi ndipo pasiwedi inamatidwa pa kompyuta, zina zonse zimene tanena zilibe ntchito, chifukwa simudzadziwa amene anaona chiyani. Koma musangowadzudzula anamwinowo. Anthu amabwerekana pasiwedi chifukwa kulowa kumatenga mphindi zitatu, makompyuta ndi ochepa, kapena wobwera kumene amadikira milungu iwiri kuti akaunti yake itsegulidwe. Konzani zimenezo: akaunti izitsegulidwa tsiku loyamba ntchito, izitsekedwa tsiku lomwelo munthu akasiya kapena akasamutsidwa, ndipo miyezi itatu iliyonse muzifanizira mndandanda wa maakaunti ndi mndandanda wa olandira malipiro. Zimene munthu angaone zizitengera ntchito yake komanso ngati wodwalayo ali m'manja mwake. Kukhala dokotala sikupatsa munthu ufulu wotsegula fayilo ya wina aliyense.

Aliyense wolowa ali kunja kwa chipatala, komanso onse oyang'anira ma seva, azitsimikizira kawiri: pasiwedi kuphatikiza nambala ya pa foni kapena kakiyi kapadera. Mu Febuluwale 2024 mbava zinalowa m'makompyuta a Change Healthcare, kampani yoyendetsa malipiro a zachipatala ku America, ndi pasiwedi yobedwa, kudzera pakhomo lolowera patali lomwe linalibe chitsimikizo chachiwiri. Za anthu pafupifupi 190 miliyoni zinakhudzidwa, ndipo mafamase ndi zipatala zambiri m'dzikomo anavutika kwa milungu. Khomo limodzi loiwalika ndi lokwanira.

Madokotala anu adzafunsa kuti nanga pa ngozi, wodwala asali m'manja mwawo, atani. Pakhale njira yotsegulira mwadzidzidzi: dokotala amadina batani, amalemba chifukwa, fayilo imatseguka nthawi yomweyo kwa maola ochepa, ndipo uthenga umapita kwa woyang'anira chinsinsi kuti aunike mawa lake. Njirayi isakhale yovuta, chifukwa ikavuta anthu abwerera ku WhatsApp. Chimene chimaletsa kuigwiritsa ntchito molakwika ndi kudziwa kuti wina adzafunsa.

Ndiye kaundula wa otsegula mafayilo. Azilemba dzina la wotsegula, wodwala, chimene chaonedwa kapena kusinthidwa, nthawi, ndi kompyuta imene yagwiritsidwa ntchito. Kungoona kokha kuzilembedwanso, chifukwa mapulogalamu ena amalemba zosintha zokha pomwe wosuzumira sasintha kanthu. Kaundulayu asungidwe pa makina ena amene ngakhale woyang'anira seva sangafufutemo, ndipo mawotchi a makompyuta onse agwirizane, apo ayi simungathe kulondola zimene zinachitika. Zipatala zambiri zili naye kaundulayu koma palibe amene amamuwerenga, ndipo ameneyo n'chimodzimodzi kusakhala naye. Sabata iliyonse fufuzani zinthu izi: wotsegula fayilo ya munthu wofanana naye dzina la bambo kapena wokhala naye nyumba imodzi, wotsegula ya wogwira naye ntchito, ya munthu wotchuka kapena amene nkhani yake ili mkamwamkamwa, wotsegula mafayilo ambiri pa nthawi imene sali pa ntchito, ndi aliyense wotulutsa mndandanda waukulu. Ku Estonia anafika pakuti wodwala mwini amalowa pa intaneti n'kuona mayina a onse amene anatsegula mbiri yake. Ngakhale musanafike pamenepo, wodwala akafunsa muzitha kumuyankha.

Za encryption, kutseka uthenga kuti wopanda kiyi asauwerenge, tinena mwachidule, chifukwa katswiri wanu wa makompyuta akuzidziwa. Uthenga ukamayenda panjira uzitsekedwa ndi njira yotchedwa TLS 1.2 kapena 1.3, ndipo ma seva awiri otumiziranawo azitsimikizirana ndi masatifiketi, ziphaso za pakompyuta zosonyeza kuti seva ndi yeniyeni. Zosungidwa pa seva, pa laputopu ndi pa makope osungira zitsekedwe ndi njira yotchedwa AES-256, makiyi ake asakhale pamodzi ndi zotsekedwazo. Lembani pa kalendala tsiku limene satifiketi iliyonse ikutha, chifukwa ikatha uthenga umangoima osachenjeza. Kumbukirani chabe kuti encryption imateteza laputopu yobedwa, siiteteza kwa munthu amene walowa ndi pasiwedi yeniyeni.

N'chifukwa chake WhatsApp ili vuto ngakhale kuti mauthenga ake ndi otsekedwa panjira. Chithunzicho chimatsala mu foni ya wotumiza ndi ya wolandira, pakati pa zithunzi za ana awo. Chimakwera ku makope a foni a pa intaneti. Foni imabwerekedwa, imabedwa, imagulitsidwa. M'gulu la ogwira ntchito mumatsala anthu amene anasiya kale. Ndipo zotsatirazo sizilowa mu fayilo ya wodwala, moti wobwera mawa saziona. Kuletsa ndi kalata kokha sikuthandiza, chifukwa anamwinowo akuchita zimenezi pofuna kupulumutsa odwala. Adzasiya njira yanu yatsopano ikakhala yachangu kuposa yawo. Podikira, gwirizanani kuti pa chithunzi pasamaoneke dzina kapena nkhope koma nambala yokha, chizipita kwa munthu mmodzi osati pagulu, zotsatira zizilembedwa mu fayilo nthawi yomweyo, chithunzi n'kufufutidwa mbali zonse ziwiri. Imelo nayo imafuna chisamaliro chomwecho. Mu 2015 kiliniki ya 56 Dean Street ku London inatumiza kalata ya nkhani za HIV kwa anthu pafupifupi 780, ma adiresi onse ali poonekera kwa aliyense wolandira. Panalibe mbava ya pa intaneti, kunali kulakwitsa bokosi lolembamo ma adiresi.

Kuteteza uthenga kukutanthauzanso kuti uzipezeka pamene ukufunika. Mukalumikiza malo atatu, mwakonzanso msewu umene pulogalamu yoipa ingadzere. Pa 12 Meyi 2017 ransomware (pulogalamu yoipa yotseka mafayilo mpaka mutalipira) ya WannaCry inagwira makompyuta a zipatala zambiri za boma (NHS) ku England, ndipo odwala oposa 19,000 analephera kuonana ndi madokotala kapena kuchitidwa opaleshoni pa tsiku lawo, pomwe Microsoft inali itatulutsa kale chigamba (kapulogalamu kokonzera) chotsekera bowo limene WannaCry inadzera mu Malichi. Ku Ireland mu 2021, wogwira ntchito mmodzi anatsegula fayilo ya Excel yobwera pa imelo mu Malichi, mbava zinakhala m'kati milungu 8 osadziwika, ndipo pa 14 Meyi zinatseka makompyuta a zaumoyo a dziko lonse. Kukonza kunatenga miyezi. Choncho musalumikize manetiweki athunthu. Malo alionse akhale ndi khomo limodzi lotumizira ndi kulandirira uthenga, zina zonse zotseka. Makina akale a kulabotale ndi a ekisire amene sangalandire zigamba akhale pa netiweki yawoyawo. Sungani makope atatu a uthenga wonse, pa zosungira zamitundu iwiri, limodzi kutali komanso losalumikizidwa, chifukwa ransomware imasakanso makope. Kawiri pa chaka yesani kubwezeretsa zonse kuchokera pa kopelo n'kuwerenga maola amene zatenga. Mafomu a pepala a masiku amene makompyuta azima akhale osindikizidwa kale mu wodi iliyonse, ndipo padziwike amene adzalowetse zolembedwazo zinthu zikabwerera.

Zonsezi zilembedwe mu mgwirizano umene akuluakulu a malo atatuwa adzasainira uthenga woyamba usanadutse. Unene cholinga chogawanirana, mndandanda weniweni wa zimene zizitumizidwa, amene ali ndi udindo wokonza cholakwika, nthawi yosungira ndi njira yofufutira, ngati wolandira angapereke kwa wina, dziko limene ma seva ali, ndi maola amene mbali ina iyenera kudziwitsa inzake uthenga wa odwala ukabedwa kapena ukaululika. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho loya wodziwa lamulo la kwanu auwerenge. Pofanizira, GDPR, malamulo oteteza chinsinsi a mayiko a European Union, yomwe inayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, imafuna kuti bungwe loyang'anira lidziwitsidwe pasanathe maola 72, pomwe malamulo a chinsinsi cha odwala a HIPAA ku America amapereka masiku osapitirira 60 odziwitsira okhudzidwa. Pakati pa inu nokha ikani maola 24. Wogulitsa pulogalamu nayenso asaine, chifukwa akatswiri ake amatha kuona zonse akamakonza.

Odwala muwauze m'mawu omveka, pakamwa ndi pa chikwangwani, kuti za iwo zizipita kuti ndi chifukwa chake, ndipo amene wakana alembedwe m'njira imene makina onse atatu azimvera. Chilolezo cha chithandizo si chilolezo cha china chilichonse. Chipatala cha Royal Free ku London chinapereka za odwala pafupifupi 1.6 miliyoni ku kampani ya DeepMind poyesa pulogalamu yochenjeza za kuwonongeka kwa impso mwadzidzidzi. Cholingacho chinali chabwino, koma mu 2017 bungwe loona za chinsinsi la dzikolo linagamula kuti chipatalacho chinaphwanya lamulo, mwa zina chifukwa odwala sanauzidwe mokwanira.

Posachedwa adzabwera wina wopempha mndandanda wa kafukufuku, n'kunena kuti mungochotsa mayina. Kuchotsa dzina sikukwanira. Latanya Sweeney anasonyeza kuti tsiku lobadwa, kukhala mwamuna kapena mkazi, ndi nambala ya dera la positi zingathe kulozera munthu mmodzi yekha pa anthu pafupifupi 87 mwa 100 alionse a ku America, ndipo mu 1997 anapeza zachipatala za William Weld, bwanamkubwa wa Massachusetts, mu mndandanda umene unali utachotsedwa mayina. N'chifukwa chake HIPAA imatchula zinthu 18 zoyenera kuchotsa, kuphatikizapo masiku onse kupatula chaka, ndipo zaka zoposa 89 zimaikidwa m'gulu limodzi. Samalani ndi mawu amene dokotala analemba momasuka, chifukwa mumakhala mayina a abale ndi malo. Samalani ndi zithunzi za sikani, chifukwa dzina nthawi zina limadindidwa pa chithunzi chenichenicho. Samalani ndi fayilo ya Excel yokhala ndi masamba obisika. Ngakhale malipoti a ziwerengero zokha, ngati amene amalowa mu DHIS2, pulogalamu yosonkhanitsira ziwerengero za zaumoyo, angaulule munthu akanena kuti m'kadera kakang'ono muli mtsikana mmodzi wa zaka 14 wodwala zakutizakuti. Manambala aang'ono otere aphatikizidwe ndi ena. Ndipo poyesa pulogalamu yatsopano kapena pophunzitsa ogwira ntchito, gwiritsani ntchito odwala opeka. Kope la odwala enieni loikidwa pa seva yoyesera nthawi zambiri limakhala ndi pasiwedi yofooka ndipo limaiwalika pomwepo.

Poyambira penipeni ndi apa. Musanalumikize chilichonse, tengani mafayilo 300 mwachisawawa m'kaundula wanu, mufufuze ndi manja kuti ndi angati ali ndi anzawo obwereza ndiponso angati alibe tsiku lobadwa lenileni, ndipo malo ena awiriwo achitenso chimodzimodzi. Thetsani maakaunti ogawana. Sainani mgwirizano. Kenako tsegulani njira imodzi yokha, zotsatira za kulabotale kubwera kwa inu, pepala likuyendabe pambali kwa miyezi itatu. Sabata iliyonse fanizirani pepala ndi kompyuta n'kulemba zinthu zinayi: zotsatira zimene sizinafike, zimene zinafika pa munthu wolakwika, zimene muyezo wake unasokonekera, ndi maola amene zinatenga. Zofika pa munthu wolakwika zikakhala zilipobe, ngakhale chimodzi, pezani chifukwa chake musanatsegule njira yotumizira odwala kuchipatala chachikulu.